Mbiri ya Vitamini D: Kuchokera ku Matewe a Ana Kufika ku Mafupa a Okalamba

Nkhaniyi inayambira pa ana. Mu 1650, dokotala wa ku England, Francis Glisson, analemba buku lofotokoza rickets, matenda ofewetsa mafupa a mwana mpaka miyendo kuchita matewe. Mafakitale atachuluka, utsi wa malasha unaphimba mizinda ya ku Ulaya, ndipo matendawa anasakaza ana okulira m'tinyumba tamdima. Mu 1822, Jędrzej Śniadecki anaona kuti ana a mumzinda wa Warsaw ankadwala kuposa akumidzi, nanena kuti chimene ankasowa ndi dzuwa. Mawu akewo sanapite patali.

Panadutsa zaka pafupifupi 100. Mu 1919, Edward Mellanby anachiritsa tiagalu todwala potipatsa mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod. Chaka chomwecho ku Berlin, Kurt Huldschinsky ankachiritsa ana powaunikira ndi nyale yotulutsa cheza cha ultraviolet. Apa zinaoneka kuti mafutawo ndi kuwalako zimagwira ntchito imodzi, ndipo mu 1922 Elmer McCollum anatcha chinthu chochiritsacho vitamini D.

Kuti asayansi adziwe mmene vitaminiyu amagwirira ntchito, panafunika zaka zina 50. Khungu likaombedwa ndi dzuwa limamupanga, koma amakhala asanapse. Amayamba wasinthidwa m'chiwindi, kenako mu impso, n'kusanduka homoni yolamula matumbo kuyamwa kashiamu. Lamuloli limamveka pokhapokha m'selo mukakhala puloteni yolilandira, yotchedwa VDR. Mark Haussler ndi Anthony Norman anaipeza m'matumbo a nkhuku mu 1969, ndipo mu 1988 asayansi anawerenga gene yake mwa munthu, imene ili pa chromosome 12. Chaka chomwecho kunapezeka kuti ana ena obadwa ndi gene yowonongeka amadwala rickets ngakhale vitamini D ali naye wokwanira.

Pamenepa maso anatembenukira kwa okalamba. Matenda a osteoporosis amafumbwitsa fupa m'kati ngati nsichi yodyedwa ndi chiswe: kunja n'kwabwino, koma munthu akangoterereka, fupa la m'chiuno, la pamkono kapena la msana limathyoka. Cha m'ma 1940, Fuller Albright wa ku Boston anasonyeza kuti vutoli limakula amayi akasiya kusamba. Kafukufuku wa mapasa anaonetsanso kuti kulimba kwa mafupa n'kwakumtundu ndithu. Ndiye funso linali lakuti: ngati kuwonongeka kwakukulu kwa VDR kumapundula mwana, kodi kusiyana pang'ono kwa gene yomweyi sindiko kumachititsa agogo ena kuthyoka, anzawo osathyoka?

Mu 1994, Nigel Morrison, John Eisman ndi anzawo a ku Garvan Institute ku Sydney analengeza m'magazini ya Nature kuti ayankha. Anati pa mbali ya kulimba kwa mafupa yochokera kwa makolo, VDR yokha ingafotokoze mpaka magawo 75 pa 100. Chiyembekezo chinakula kuti kungoyeza magazi kudzaulula amene adzathyoke. Koma ofufuza ena atabwereza, zotsatira zinkasemphana, ndipo mu 1997 eni akewo anavomereza kuti zina mwa zoyeza zawo zinalakwika.

Mkanganowu unafuna anthu ambiri kuti uthe. Mu 2006, gulu la GENOMOS, motsogozedwa ndi André Uitterlinden wa ku Rotterdam, linayeza anthu oposa 26,000 a ku Ulaya. Malo anayi otchuka a mu gene imeneyi, FokI, BsmI, ApaI ndi TaqI, sanagwirizane ndi kulimba kwa mafupa kapena kuthyoka. Malo ena otchedwa Cdx2 okha ndiwo anaonetsa kamphamvu kochepa pa kuthyoka kwa mafupa a msana. Mu 2019, kafukufuku wa anthu oposa 400,000 a mu UK Biobank anapeza malo 518 a mu DNA okhudza kulimba kwa mafupa, aliwonse akuthandizako pang'ono chabe.

Nanga mapiritsi a vitamini D? Ku France mu 1992, amayi okalamba a m'nyumba zosungirako nkhalamba atapatsidwa kashiamu ndi vitamini D, kuthyoka m'chiuno kunachepa. Koma mu 2022, kafukufuku wa VITAL ku America, wa anthu 25,871 amene ambiri sankasowa vitaminiyu, sanapeze phindu lililonse pa kuthyoka.

Zaka zonsezi zatiphunzitsa kuti vitamini D amapulumutsa amene akumusowa, ndipo palibe gene imodzi yogamula tsogolo la mafupa a munthu. Zakumtundu zikadali zofunika, n'chifukwa chake dokotala amafunsa ngati mayi kapena bambo anu anathyokapo m'chiuno. Funso limenelo, pamodzi ndi msinkhu wa munthu, kuyeza mafupa ake ndi kudziwa ngati amagwagwa, limathandiza wodwala kuposa kuyeza VDR.