Za Kandege ka m'Lamya ndi Makani Amene Kanautsa

Anyamata a masiku ano, amene lamya zao zionetsa zithunzi zamaanga-maanga, sadziwa kuti panali nthawi imene mudzi wonse unali ndi lamya imodzi kapena ziwiri, ndi kuti m'lamyamo munali kandege kamene kanayambanitsa ana ndi akuru ao. Cifukwa cace ndifuna kulemba mbiri yace isanaiwalike.

Masewera oombera adani a m'mlengalenga anachuka poyamba ku Japan. M'caka ca 1978 kampani ya Taito inaturutsa Space Invaders, nchito ya Tomohiro Nishikado, ndipo m'menemo adani anali kutsika kucokera kumwamba. Mu 1981 kunadza Defender ku America ndi Scramble ku Japan, m'mene ndege iuluka cam'mbali, dziko liri kupita pansi pace monga ipitira mitengo munthu ali m'sitima. Gradius inatsata mu 1985, R-Type mu 1987. Koma zonsezi zinayamba m'makina akuru oponyamo ndalama, m'mizinda yakutali, ndipo ambiri a ife kuno ku Chiradzulu sitinazimve konse.

Cimene cinafika kwathu ndico Space Impact. Kampani ya Nokia ya ku Finland inaturutsa lamya yochedwa 3310 m'caka ca 2000, lamya za m'manja ziri zacilendo m'dziko muno, pakuti Celtel anali atangoyamba nchito mu 1999. Zaka zotsatira, abale ogwira nchito ku Limbe ndi ku Johannesburg anayamba kubwera nazo kumudzi. M'lamyayo munali masewera anai: Snake II, Pairs II, Bantumi ndi Space Impact. Kaseweredwe kace nkotere: kandege kali kumanzere, adani acokera kumanja, ndipo wosewera akakweza, nakatsitsa, naombera ndi zala. Pa mapeto a gawo liri lonse pabwera cirombo cacikuru cosafa msanga.

Osewera okha sanamvane. Ena anati ndi masewera a maso akuthwa ndi mtima wolimba. Ena anati iai, ndi kuloweza cabe, pakuti adani abwera m'njira yomweyo nthawi zonse, ndipo wofa kawiri pamalo pamodzi adziwa pothawira kacitatu. Ine ndinagwirizana ndi aciwiriwa, ndipo ndinali ndi umboni m'kalasi mwanga. Mnyamata wina amene anakanika kuloweza masamu ocurukitsa ndi 7 anakhoza kundilongosolera, osaphonya, mdani ali yense ndi kumene aturukira. Ndibvomere kuti tsiku limenelo ndinacita manyazi ndi kaphunzitsidwe kanga koposa ndi ulesi wace.

Akuru anayesa Bantumi, popeza afanana ndi bawo, koma anaupepula msanga. Anati bawo ali ndi maenje 32 m'mizere inai, ndipo uyu wa maenje 6 mbali iri yonse ndi bawo wa ana. Za kandege anati: m'bawo mdani wako ndi munthu wokhala pamaso pako, oonerera nalangiza, koma apa mwana awerama yekha monga wotola nsabwe. Mau awa sanali oona onse. Ndinaona kawiri-kawiri pa msika wa Mbulumbuzi mitu isanu itaunjikana pa kagalasi kosaposa bokosi la macesi, ali yense kupfuula uphungu wace, monga acitira madoda pa bawo.

Mlandu weni-weni unali wa batire. Midzi yambiri inalibe magetsi, ndipo kuti lamya ichajidwe, munthu anayenda kunka kumsika, nalipira, nadikira. Lamyayo ndiyo inali khomo lokha lolowera mau a abale akutali, a maliro ndi a ndalama.

M'caka ca njala ca 2005 ndinasiya lamya yanga m'manja mwa mwana wa mlongo wanga, pakuti tinali kuyembekezera mbale wathu wa ku Johannesburg kutiuza za ndalama zogulira cimanga. Mnyamatayo anamenya nkhondo usana wonse pansi pa mtengo wa mango, ndipo pofika madzulo lamya inali itazima. Mbale uja anaimba kosawerengeka, osatipeza. Uthenga unatifika patapita masiku awiri, cimanga citatha kumene cinali kugulitsidwa, ndipo tinakagula kwa ocita malonda pa mtengo wowawa. Amace anafuna kumkwapula. Ine ndinamleketsa, cifukwa ndinadziwa amene anamphunzitsa mnyamatayo mabatani ace.

Tsopano iye ndi bambo wa ana atatu. Pamene ndinamfunsa za tsiku lija, za cimanga anaiwala, koma anakumbukira bwino lomwe kuti batire inatha cirombo ca gawo lacisanu citatsala pang'ono kufa.