Mbiri ya Masewero a Pinball

Anzanga amene tinaphunzira limodzi ku Namitambo, ndati ndikufotokozereni mbiri ya masewero otchedwa pinball.

Masewerowa anatchuka ku Chicago m'chaka cha 1931, pamene David Gottlieb anapanga Baffle Ball. Linali thabwa lopendekeka lokhomedwa misomali, pomwe timipira tinkagubuduka. Mu 1942 akuluakulu a mzinda wa New York anawaletsa ati ndi juga. Timikono tomenyera kampira tinabwera mu 1947, koma chiletsocho chinatha mu 1976, Roger Sharpe ataonetsa kuti kupambana kumalira luso.

Mu 1999 kampani ya Williams inaphatikiza zithunzi za kompyuta ndi kampira kenikeni, ngakhale inasiya kupanga makinawa chaka chomwecho. Pambuyo pake kampani ya Multimorphic ya ku Texas inatulutsa makina a P3: mwini wake amazula mbali imodzi n'kulowetsapo ina, masewero n'kusintha.

Nzeru imeneyi sitikuimva kumene. Galimoto yawaya tinkangoisintha matayala, osaitaya. Tsono ndikupempha bungwe lathu ligulire ana a pasukulu yathu matabwa, misomali ndi nyundo, kuopa kuti foni ingawalande luso la manja.