Kutchula ndi Kutchuka: Mawu Awiri a Muzu Umodzi

Sitima ya Ilala ikaima ku Ruarwe pa nyanja ya Malawi, maso a anthu amakhala pa katundu ndi pa abale amene akutsika. Ndi ochepa amayang'ana pansi pa madzi, m'mipata ya miyala, momwe mumasambira tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna. Komatu tinsomba timeneti tatchukitsa akatswiri ambiri a sayansi ya zamoyo. Kuti timvetse momwe zimenezi zimachitikira, tiyeni tifukule mawu atatu.

Oyamba ndi kafukufuku. M'kati mwake mukumveka mneni kufukula, zija timachita ndi chinangwa: kuchotsa dothi mpaka chobisika chionekere. Kubwereza kwa "fuku-fuku" kukutiuza kuti ntchitoyi si ya khasu limodzi. Mwachitsanzo, katswiri wina, Geoffrey Fryer, anakhala ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950 akuphunzira zomwe nsomba za m'miyala zimadya ndi momwe zimakhalirana, ndipo mu 1959 anasindikiza zimene anapeza. Pambuyo pake ena anafukula mozama, mpaka kufika m'kati mwa thupi la nsombayo.

Apa ndi pomwe pakubwera mawu achiwiri, chibadwa, ochokera ku kubadwa. Masiku ano ena amati majini, koma mawuwa amasokoneza, pakuti kwathu majini ndi mizimu yomwe imagwira munthu. Agogo athu anali ndi mneni wabwino kale: kutengera. Mwana watengera mphuno ya amalume ake, ndiye kuti watenga kanthu kwa amene anamutsogolera. Zimene sayansi yaonjezera n'zakuti kotengedwako kali mu DNA, ndipo kamawerengeka. Mu 2002 Ciro Rico ndi George Turner anaonetsa kuti magulu awiri a mbuna za mtundu umodzi, olekanitsidwa ndi mpata wa mamita 35 okha, anali atasiyana kale pa chibadwa. Mbuna sikonda kuchoka pamiyala yake. Mu 2018 Milan Malinsky ndi anzake anawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'nyanja yathu ndi madzi oyandikana nayo, napeza kuti ngakhale maonekedwe ake ndi osiyana kwambiri, chibadwa chake n'chofanana modabwitsa.

Mawu achitatu, kutchuka, ndiwo mutu wa nkhani. M'Chichewa muli aneni oyenda awiriawiri: kutsegula ndi kutseguka, kufukula ndi kufukuka. Woyamba amanena chochita cha munthu, wachiwiri amanena momwe chinthu chakhalira. Chimodzimodzi kutchula ndi kutchuka. Munthu sadzitchukitsa yekha. Amatchuka chifukwa pakamwa pa ena patuluka dzina lake kambirimbiri. Wotchuka ndi wotchulidwa.

Anthu a m'mayunivesite anasandutsa nzeru imeneyi kukhala masamu. Wofufuza akalemba pepala, amatchula onse amene watsamira pa ntchito yawo, ndipo makompyuta amawerenga kuti pepala lililonse latchulidwa kangati. Mu 2005 Jorge Hirsch anayambitsa muyeso wotchedwa h-index: ngati katswiri ali ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera 20. Ukadaulo wa munthu, kukwezedwa kwake pantchito ndi ndalama za kafukufuku wake nthawi zambiri zimayezedwa pamenepo.

Muyeso umenewu ndi wothandiza, koma suona zonse. Dzina lakuti mbuna ndi la Atonga a m'mbali mwa nyanja muno. Asodzi ndiwo anaona kuti tinsomba ta m'miyala ndi gulu lapalokha, nalipatsa dzina, kale sayansi isanafike. Lero mawuwa amalembedwa ku London ndi ku Tokyo osamasuliridwa, chimodzimodzi utaka ndi chambo. Mawu anatchuka, eni ake sanatchulidwe. Palibe kompyuta yowerenga kuti msodzi wa ku Usisya analozera alendo angati pomwe nsomba zimaswanirana.

Sitikunyoza alendo ayi. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zida zowerengera DNA zatiphunzitsa zambiri za nyanja yathu. Amalawi nawonso alimo m'ntchitoyi: Pulofesa Aggrey Ambali anafufuza chibadwa cha makumba, nsomba imene alimi athu amaweta m'maiwe. Koma mayina ngati amenewa akadali ochepa poyerekeza ndi kukula kwa nyanja.

Choncho mwana wa ku Ruarwe amene umakonda sayansi, dziwa kuti zimene akatswiri amaulukira maulendo ataliatali kudzaona zili pakhomo pako. Phunzira, fukula, lemba. Ndipo tsiku limene udzalembe pepala lako loyamba, udzatchule amene anakuphunzitsa mayina a nsomba, chifukwa dzina losatchulidwa silingatchuke.