Zithunzi Zodinda: Luso la Manja Ambiri

Cithunzi codinda cimayambira pa thabwa, pa laino kapena pa mkuwa. Mmisiri amacisema, napakapo inki, ndi kucidinda pa mapepala ambiri. Motero mtengo wake umatsika, ndipo munthu wamba angathe kugula.

Kuyambira kale nchitoyi ndi ya manja ambiri. Ku Antwerp, m'dziko limene lero ndi Belgium, ca m'ma 1555 Pieter Bruegel anajambula mapiri ndi zigwa, abale awiri a banja la van Doetecum anazilemba pa mkuwa, ndipo Hieronymus Cock anazifalitsa ndi kuzigulitsa.

Mgwirizano wotere unaonekanso muno mu Lusaka m'zaka za m'ma 1970, pamene a Cynthia Zukas anathandiza kukhazikitsa malo odindira zithunzi pa Evelyn Hone College. Kumeneko a Patrick Mweemba, a David Chibwe ndi a Fackson Kulya anali kubwerekana zida ndi kuphunzitsana. Iwo anadinda zithunzi za midzi, misika ndi umoyo wa m'makomboni, umene anthu a mu Chaisa amaudziwa bwino.

Mu 1986 a Zukas, a Henry Tayali ndi a Bente Lorenz anayambitsa Lechwe Trust, bungwe limene limasunga nchito za amisiri a Zambia kuti zisathere kunja kwa dziko.