Mtovu wofiira

Mtovu ndi chitsulo cholemera, chofewa, chotuwa, chimene timachipeza m'mabatire a galimoto. Akauwotcha kwa nthawi yaitali pomwe pali mpweya, umasanduka ufa wofiirira ngati njerwa yopsa. Ufa umenewu ndiwo mtovu wofiira, ndipo akatswiri amaulemba Pb3O4. Dzina lake lachilatini ndi minium. Alembi akale a ku Ulaya ankakongoletsa nawo zilembo za m'mabuku olembedwa pamanja.

Kwa amisiri a milatho ndi sitima zapamadzi, mawu akuti mtovu wofiira ankatanthauza penti woyamba kupaka pa chitsulo kuti chisachite dzimbiri. Dzimbiri limabwera madzi ndi mpweya zikakumana pa chitsulo. Ufa wa mtovu ukasakanizidwa ndi mafuta a mbewu ya fulakesi, umagwirizana ndi asidi wa m'mafutamo n'kupanga zinthu zonga sopo. Sopoyu amalimbitsa penti kuti madzi asadutse msanga. Chinyezi chikalowabe, chimasungunula pang'ono mankhwala ochokera mu sopoyo, ndipo iwo amathandiza kuti pa chitsulo pakhale kachikopa kopyapyala koletsa kudyeka. Mtovu umamanganso mchere wowononga, monga wa sulfate, kuti usasungunuke.

Mlatho wa Golden Gate ku San Francisco, umene unatsegulidwa mu 1937, unapakidwa penti woyamba wa mtunduwu. Pambuyo pake anaupala n'kuika wa zinki. Mtovu ndi poizoni: fumbi lake likalowa m'thupi limawononga ubongo, makamaka wa ana, choncho maiko ambiri anauletsa mu penti.