Obwera a kwa Mponda

Pamene David Livingstone anafika kwa Mponda mu Seputembala 1866, anapeza mudzi waukulu m'mbali mwa Shire, chakufupi ndi pomwe mtsinjewu umatulukira m'nyanja. Mudziwo unali waukulu ndithu koma sunali wakale. Ayao a Amachinga amene anaumanga anali asanakhalitse, anachokera kuvuma, m'dziko lomwe lero ndi Mozambique, atathamangitsidwa ndi njala ndi nkhondo za anansi awo. Kunyanja kuno anapeza Anyanja akuwedza ndi kulima mapira.

Anganga anga, amayi awo a mayi anga, anali Mnyanja wokwatiwa ndi Myao, ndipo mbiriyi ankaifotokoza mosabisa mawu. Ankati obwerawo poyamba anapempha malo, napatsidwa. Patapita nthawi anapeza mfuti kwa amalonda a kugombe la nyanja ya mchere, nalemera ndi minyanga ndi akapolo, ndipo ena mwa ogulitsidwawo anali ana a anthu omwe anawalandira aja. Malondawo anayamba kutha Harry Johnston atathira nkhondo Mponda wachiwiri mu 1891 nkumanga Fort Johnston tsidya lina la mtsinje. Ndimaikumbutsa nkhaniyi chifukwa mantha akuti mlendo adzatilanda malo sanangomera okha kuno kwathu. Anthu anaziwonapo. Komabe anganga omwewo ankamaliza ndi kuloza ife adzukulu awo, nkufunsa kuti pakati pathu Mnyanja ndi uti, Myao ndi uti.

Zimene ndinaona ndi maso anga ndi za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Kuyambira cha mu 1986 anthu a ku Mozambique anayamba kukhamukira m'Malawi, ndipo pofika 1992 anali ataposa miliyoni imodzi, m'dziko lomwe kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma. Kuno ku Mangochi ankalowera ku Chiponde kuchokera ku Mandimba, ena m'njira zam'tchire za kwa Katuli ndi kwa Makanjira. Ambiri anakhala chakumalire komweko, koma ena anatsika phiri kudzafuna abale awo kunyanja.

Kwathu kunafika mayi ndi ana atatu. Mwamuna wake anali atagwidwa ndi zigawenga kuti akanyamule katundu, osabwereranso. Ubale wake ndi ife unali wapatali kwambiri, woti bambo anga anachita kuulondoloza usiku wonse, koma m'mawa mwake amayi anakatula chikhaso ndi madengu m'kanyumba kophikira nkumuuza kuti, "Achemwali, muzigona muno." Amfumu anamudulira kachigawo ka dimba. Ankalankhula Chiyao ngati ife, ankapita kumzikiti womwe timapita ife, ndipo mwana wake wamng'ono atamwalira ndi chikuku anaikidwa kumanda athu popanda wofunsa chikalata. Mwana wake wamkulu ndinkapita naye kumadrasa, ndipo ndi iye anandiphunzitsa kuwerenga manambala m'Chipwitikizi.

Sikuti zonse zinali mtendere. Othawa nkhondo olembedwa m'kaundula anali ndi makadi olandirira ufa, nandolo, mafuta ophikira ndi mchere, zomwe a Red Cross ankagawa. Chilala cha 1992 chitafika, eni mudzi ankaona matumba akutsitsidwa pa lole iwo atagona ndi njala, ndipo mawu oipa anatuluka. Ankati alendo akunenepa, ankati atimalizira mitengo m'phiri. Za mitengo zinali zoona. Koma ndikukumbukiranso kuti chaka chimenecho nsima ya kwathu inachokera pa khadi la mayi uja, ndipo mabanja ambiri anasinthanitsa usipa ndi ufa wa alendo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo m'zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira. Ena anali atakwatira kale kuno, ndipo ana awo lero ali ndi chiphaso cha unzika cha Malawi.

Timanyadira mbiri imeneyi, ndipo nkoyenera kutero. Chokhacho chimene ndimakana ndi kuiyesa umboni wakuti ife timalandira aliyense. Amene tinawalandira anali anthu athu, odulidwa ndi malire omwe Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891. Mayeso enieni anabwera ndi anthu a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, omwe chilankhulo chawo sitikumva, omwe alibe amalume kwa Jalasi kapena kwa Chimwala.

Iwowa boma linawaika ku Dzaleka, m'boma la Dowa, mu 1994. Dzina limeneli munthu wa ku Mangochi sayenera kulimva mopepuka. Malowo anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo Henry Masauko Chipembere atalephera kuukira boma mu Febuluwale 1965, anthu ambiri omuganizira kuti ankamutsatira anakatsekeredwa kumeneko. Chipembere mwiniwake, mwana wa ku Malindi, anamwalira ali wothawa kwawo ku America mu 1975. Msasa wa Dzaleka unakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero muli oposa 50,000. Dziko lathu litavomera pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, linakana ndime zina, kuphatikizapo ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo lathu la 1989 linakhazikika pamenepo. Choncho munthu wobadwira mu msasa, yemwe lero ali ndi ana akeake, akatuluka kukatsegula okala ndiye kuti waphwanya lamulo.

Ambiri anatulukabe, poti chakudya cha mu msasa sichikwanira. Tonse timawatcha Maburundi, kaya ndi a dziko liti. Pamsika waung'ono wa kufupi ndi kwathu panali mmodzi, wa golosale. Ankatsegula anthu akuchokera ku swala ya m'bandakucha, shuga ankayeza ngakhale wa pasupuni, ndipo amayi ambiri anali m'kope lake la ngongole. Amalonda anzake ankadandaula kuti akugwetsa mitengo ya katundu. Dandaulo lawo silinali lopanda pake, pakuti munthu wa mpamba wochepa akataya makasitomala khumi ndiye kuti ana ake sadya. Koma pamene boma linalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo 2023, ndipo mu Meyi apolisi ku Lilongwe anagwira mabanja nkuwatsekera kundende ya Maula pamodzi ndi ana, ndinamva anthu akuombera m'manja pa wailesi, ndipo mtima unandipweteka. Wa golosale uja anatseka yekha asanamupeze, nkupita ngongole zake osatolera.

Chimandiwawa kwambiri nchakuti boma la Mangochi ndi limodzi mwa omwe amatumiza anyamata ochuluka ku Joni. Nyumba zamalata zomwe zandanda kuchokera ku Mpondasi mpaka ku Namwera, zambiri ndi ndalama za ku Durban ndi Johannesburg. Mu 2008, ndiponso mu Epulo 2015, anthu a ku South Africa ataukira obwera, mabasi a boma anabweza ana athu ali ndi jumbo m'manja basi. Mawu omwe anawathamangitsira ndi omwewo: mukutilanda ntchito, mukugwetsa mitengo, bwererani kwanu.

Mphwanga anali m'gulu la obwerera mu 2015. Makina ake osokera anatsala m'chipinda chomwe anachithawa usiku. Mu 2023, anzake a pa shedi ya telala akusangalala kuti Mburundi wapita, iye anafunsafunsa mpaka anapeza nambala ya munthuyo, nkumutumizira pa foni ndalama zonse zomwe mkazi wake anakongola. Kenako anayenda khomo ndi khomo m'mudzi mwathu kukumbutsa ena omwe anali m'kope lija. Ena analipira, ena anamutukwana kuti wagulidwa.