Trigger ya mfuti ya bolt-action

Trigger ndi kachitsulo kopindika kamene munthu amakoka ndi chala kuti mfuti iwombe. Kakakokedwa, kamamasula chogwirira chotchedwa sear, ndipo nsonga yachitsulo yokankhidwa ndi sipuling'i imamenya kumbuyo kwa chipolopolo. Trigger ilipo ya gawo limodzi, yofala pa mfuti zosakira nyama, ndi ya magawo awiri, monga ya mfuti zankhondo za Mauser 98 ndi Lee-Enfield, imene imayamba mopepuka kenako n'kulimba.

Trigger imasinthidwa ikaperepeseka, ikachita dzimbiri kapena ikamalimba kwambiri pokoka. Pa mfuti ya Remington 700, yomwe inatuluka mu 1962, trigger imagwidwa ndi mapini awiri. Mu 2014 kampani ya Remington inaitanitsa mfuti zokhala ndi trigger ya X-Mark Pro chifukwa zina zinkatha kuwomba mwangozi. Mmisiri wa mfuti akamaliza kusintha trigger, amayesa loko woteteza pamene mfutiyo ilibe chipolopolo.